Chisudzulo cha Papepala

1

Bambo anga ndinawaona komaliza ali moyo Loweruka masana, pamalo omwetsera mafuta amene ali pakatikati pa Pardee ndi Vance City. Mphepo inkatola nyenyeswa za thonje m'minda yokololedwa n'kumazikoleka pa mawaya a mpanda. Ndinawapeza atakhala kumbuyo kwa pikapu yawo, jombo ya kumanzere atavula, botolo la zakumwa zotsekemera lili m'manja.

"Musandinamize kuti amenewo ndi madzi," ndinatero.

"Ndi madzi, kungoti apsa ndi dzuwa. Mayi ako ayamba kukutuma kuti uzindizonda?"

"Andituma kuti ndizikudyetsani. Phazilo latani?"

"Jombo yachepa. Tsitsa katunduyo."

Ndinatsitsa katoni ya sabata imeneyo: nyemba, nkhuku yowiritsa yosenda chikopa, matotiya, timikate tathyathyathya ta chimanga, okulunga m'kansalu, ndi kabokosi ka zipinda zisanu ndi ziwiri momwe Mayi ankawaikira mankhwala a shuga, tsiku lililonse chipinda chake. Iwo anandibwezera mabakuli a sabata yatha. Kabokosi kakale nditakagwedeza, munalira mapiritsi.

"Lachitatu ndi Lachinayi simunamwe."

"Ukakanena, ndikuthyola bondo linalo."

Anamasula kansalu kaja n'kukanunkhiza kwa nthawi, matotiyawo osawakhudza. Panali patatha miyezi itatu iwo ndi Mayi osagwirana ngakhale dzanja, chifukwa cha mpira wa ana asukulu, uja wachimereka wothamanga nawo m'manja. Dzulo lake mng'ono wanga Chilo anali atagoletsa kawiri, timu yake n'kupitanso ndime ina ya masewera ochotsana. Timuyo ikanangogonja, Bambo akanabwerera kwa mkazi wawo m'mawa mwake. Koma sinkagonja.

"Atsala masewera atatu akachuluka," anatero. "Ukawauze mayi ako asite diresi yobiriwira ija. Ndipo ukawajambule, unditumizire pa foni. Si umatha kujambula iwe?"

Ndinayang'ana phazi lawo lotupa lija. Anavala jombo akukukuta mano, anandimenya kakhofi pakhosi monga ankachitira ndikamalowa m'bwalo, n'kuliza galimoto. Dzanja lawo linali panja pa windo mpaka pikapu inazimiririka m'fumbi.

2

Dzina langa ndine Ramiro Zepeda, kwathu amati Miro. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndimamata matayala ku Pardee. Kale ndinkathamanga.

Ku Pardee kuli sekondale imodzi, ndipo timu yake imagonja kuyambira ndisanabadwe. Ku Vance City, mamailosi makumi anayi kum'mawa, kuli bwalo lolowa anthu zikwi khumi, ndipo anthu a makoleji akuluakulu amakhala m'mphepete mwake ndi timabuku, kusaka osewera aluso. Mwana wa Pardee angathamange ngati mphepo, womuona ndi azakhali ake okha.

Ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kochi wina wa ku Vance City anawapeza Bambo ku zitsime za mafuta kumene ankakonza mapampu, n'kuwanong'oneza kuti njira yonditengera ku sukulu yawo ilipo. Bambo anabwera kunyumba ali wofiira maso.

"A Zepeda sitinama," anatero. "Ngati uli ndi luso, akakupeza konkuno."

Amene anandipeza ndi kakoleji kena ka ku Kansas, kabwalo kake kolimba ngati msewu. Chaka chachiwiri bondo linaphulika. Chaka chachitatu ndinali nditasiya sukulu, ndili kumbuyo kwa makina opopera matayala.

Kenako Chilo anakula. Dzina lake lenileni ndi Isidro, ndipo sindidzakana, mwana uja akapanira mpira m'khwapa anthu amaimirira okha. Anali atatsala ndi chaka chimodzi ku sekondale.

Lamulo lake mwana aliyense kuno amalidziwa. Sungasinthe sukulu chifukwa cha mpira. Ukasintha, umakhala chaka chathunthu osasewera. Kuti uloledwe, banja lonse lisamuke, nyumba yakale igulitsidwe kapena alowemo anthu ena. Apo ayi, makolo akhale kuti alekana, mwana n'kutsatira mmodzi. Kenako kochi wa sukulu yakale amasaina fomu yotsimikiza kuti mwanayo sanachoke chifukwa cha mpira.

Nyumba yathu anamanga ndi agogo, bambo awo a Mayi, ndi manja awo. Mayi anati bola kugulitsa mtembo wawo, osati nyumbayo. Ndiye tsiku lina mu Juni, tikudya, Bambo anapukuta pakamwa n'kunena kuti:

"Nkhalamba yanga, ndikukusudzula."

"Uyambe wamaliza nyemba zangazo, mdala iwe," anatero Mayi, osatembenuka.

"Ndikunena zoona, Chela. Papepala chabe. Tikalembetsa kukhoti kuti tikulekana, pepalalo lizikangogona kumeneko. Ine ndi Chilo tikakhala ku Vance City. Sizoni ikatha, tikalichotsa. Palibe woweruza amene adzatione n'komwe."

"Ndipo kutchalitchi ndizikati chiyani?"

"Uzikati ndimaliza mkonono."

Mayi anaseka mpaka kugwira tebulo. Chilo anayang'ana uku ndi uku ngati galu amene wamva thumba la nyama likutsegulidwa.

"Paja a Zepeda sitinama," ndinatero.

Bambo anandiyang'ana kanthawi. "Munthu amaphunzira, mwanawe," anatero. "Ndipatsire mchere."

3

Zinayenda. Kochi wa ku Pardee, a Garland Tibbs, amene anandiphunzitsa inenso mpira, anasaina fomu ija akugwedeza mutu. Anafika mpaka kunyumba ndi nyama yootcha kudzawapepesa Mayi. Mayi anailandira maso ali pansi, ndipo sanaidye.

Bambo ndi Chilo anapeza kanyumba ka zipinda ziwiri pafupi ndi sukulu yatsopanoyo. Anthu a komiti ya ligi anabwera kudzayendera, anatsegula filiji, anawerenga miswachi m'bafa, anakhutira. Koma Lamlungu lililonse masana Bambo ankaimika pikapu kuseri kwa tchalitchi cha Pardee, n'kudutsa kanjira ka kumbuyo kwa nyumba za anthu, chipewa atatsitsira kumaso ngati wakuba nkhuku. Bambo wazaka makumi asanu ndi zinayi, kuzembera kwa mkazi wake yemwe.

Lamlungu lina mu Ogasiti tinalipo tonse anayi. Mayi anali ataphika menudo, msuzi wa chifu cha ng'ombe umene Bambo ankati umaukitsa akufa. Chilo ankasimba za bwalo latsopano, za chipinda chonyamulira zitsulo, za zisoti zoti aliyense chake chake.

"Achimwene, mpaka ali ndi dokotala wa mabondo," anandiuza. "Mukanakhala inu bwenzi..."

"Idya," ndinatero.

"Dzulo wathamangitsa ana a anthu mpaka wina kusanza," anatero Bambo, supuni ili m'mwamba. "Ndikukuuza, Chela, miyendo ngati imeneyi m'banja muno sitinaionepo."

Palibe amene anaona kuti mawuwo agwera pati. Mayi anawonjezera Chilo msuzi. Bondo langa linali pansi pa tebulo, lowongoka, chifukwa silipindika lonse.

Titatha kudya, Chilo anatuluka kukaona anzake. Pa wailesi panayamba kanyimbo ka akodiyoni, kakalekale. Bambo anavula jombo, anawalanda Mayi mbale m'manja, n'kuwakokera pakati pa khitchini.

"Siya, mdala, manja anga ali ndi sopo."

"Khala chete, ndife osudzulana. Ndikukufunsira."

Mayi anatsamiritsa mutu pachifuwa pawo, maso atatsinzina. Ine ndinadzuka n'kulowera kuchipinda kwanga.

4

Patatha sabata ndi theka, kalata inafika. Banja la a Zepeda likaonekere pamaso pa komiti ya ligi, Lachinayi m'mawa.

Anali anthu asanu ndi mmodzi, akuluakulu a masukulu a m'chigawo chathu, atakhala kuseri kwa tebulo lalitali. Wapampando anali mayi wa magalasi olendewera pa tcheni. Bambo ndi Chilo anakhala mbali ina, ine ndi Mayi mbali ina, monga amachitira osudzulana. A Tibbs anakhala pakhomo, chipewa chili pabondo.

"Chebo, fomu ija ndinakusainira mtima ukundiwawa," anatero a Tibbs, akuwatchula Bambo dzina limene anzawo ankawaitanira. "Mkazi wanga anakuikani m'mapemphero. Mwandisandutsa chitsiru pamaso pa tauni yonse."

"Muzilankhula kwa komiti, a Tibbs," anatero wapampando. "Chithunzichi munachipeza bwanji?"

"Pansi pa chitseko cha ofesi yanga, mu envulopu yopanda dzina."

Anazimitsa magetsi n'kuchiwalitsa pakhoma, chachikulu ngati chitseko. Khitchini yathu. Bambo ali ndi masokosi okha, lina lobooka pachala. Mayi mutu uli pachifuwa pawo, thovu la sopo lili pamsana pa malaya a Bambo. Pakona panali tsiku lake.

Mayi anangochiona kamodzi n'kugwetsa maso pa manja awo. Chilo anabisa nkhope. Bambo okha ndi amene anachiyang'ana kwa nthawi yaitali, mutu atapendeketsa monga ankachitira akamamvetsera pampu yodwala.

"Bambo Zepeda, anthu awa mukuwadziwa?"

"Wamwamunayo akuoneka kuti amavina bwino."

Wina anaseka n'kudziletsa. Wapampando sanaseke.

"Anthu amene akusudzulana amavina m'khitchini atavula nsapato?"

"Tinkatsanzikana, mayi."

"Ndikufunsani kamodzi kokha. Mukanama, mwana wanu sadzapondanso bwalo lililonse m'chigawo chino. Ukwati wanu ulipo kapena unatha?"

Bambo anatembenukira kwa Chilo. Mwana uja anali atavala tayi ya Bambo, yomufika pansi pa lamba. Kwa Mayi, Bambo sanayang'aneko.

"Unatha," anatero.

"Mayi Zepeda?"

"Mwawamva," anatero Mayi.

Anakambirana kwa theka la ola. Chigamulo chinali chakuti pepala logona kukhoti silikukwanira. Chilo asewera pokhapokha atabweretsa chikalata chosainidwa ndi woweruza kuti ukwati wathadi. Ndipo zikadzamveka kuti awiriwa akukhalanso ngati banja sizoni isanathe, masewera onse amene Vance City yapambana adzafufutidwa, limodzi ndi dzina la Chilo.

Tinakwera galimoto, tinadutsa minda ya thonje. Kenako Mayi anati:

"Wajambula ndi neba wathu uja, Darlene Odom. Windo lake limayang'anana ndi langa. Zaka makumi awiri ndikumubwereka shuga, mfiti imeneyo."

5

Kukhoti sizinatenge mphindi khumi. Woweruza anafunsa ngati pali chiyembekezo choti angagwirizanenso. Onse awiri anati palibe. Anamenya chidindo. Potuluka, aliyense analunjika ku galimoto yake, ndipo ndinamva Bambo akulankhula ngati akuuza mphepo:

"Lolemba loyamba sizoni ikatha, tidzakwatiranenso m'chipinda chomwe chija. Ubwere utavala yobiriwira ija."

"Ndikaganizira," anatero Mayi, akutsegula chitseko. "Pali ena andifunsira."

Analowa m'galimoto, anatseka, n'kulira mpaka ku Pardee.

Za Lamlungu zinatha. Tauni yonse inali maso tsopano, ndipo makochi a matimu ena ankangodikira kuti wina aone pikapu ija kuseri kwa tchalitchi. Ankalankhulana pa foni basi. Ine ndinasanduka mtengatenga: Loweruka lililonse katoni ya chakudya kupita, mabakuli opanda kanthu kubwera. Zaka zonsezo Mayi ndi amene ankawayeza Bambo shuga m'mawa, kuwabisira maswiti, kuwayang'ana m'mapazi. Tsopano Bambo ankadya zogula pa windo la galimoto, ndipo Chilo ankachoka m'mamawa n'kubwera atatopa ngati bulu.

Kumasewera ankapita onse, poti lamulo sililetsa. Mayi ankakhala kumapeto kwa mabenchi, Bambo kumapeto enawo, pakati pali anthu zikwi. Nthawi yopumulira ikakwana, Bambo ankaimirira, kuvula chipewa, n'kukanda mutu. Mayi ankavula magalasi n'kuwapukuta. Moni wawo unali umenewo.

Chilo anathamanga chaka chimenecho ngati wathawa moto. Masewera asanu ndi atatu otsatizana, osagonja. Makalata a makoleji anayamba kufika. Analowa m'masewera ochotsana, kumene wogonja amapita kwawo, ndipo anapambana oyamba, achiwiri, achitatu. Ulendo uliwonse akagoletsa, Mayi ankadumpha n'kukuwa dzina lake, kenako n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Ambuye andikhululukire, Miro," anandiuza tsiku lina tikubwerera. "Ndimapemphera kuti mwana wanga agwetse mpira."

Mayi Odom ankawapatsa moni pa mpanda m'mawa uliwonse. Mayi ankatembenuka n'kulowa m'nyumba. Mpaka mayi uja anandiimitsa ndikutaya zinyalala.

"Miro, mwana wanga, ndawalakwira chiyani mayi ako?"

"Sindikudziwa, mayi," ndinatero.

6

Lachiwiri masana, patatha masiku atatu chikumanireni pamalo omwetsera mafuta paja, foni inalira ndili pansi pa thirakitala. Anali kapitawo wa Bambo. Anawapeza mu pikapu pafupi ndi chitsime, injini ikulira, mutu uli pa chiwongolero. Mtima. Dokotala anati shuga anali atawadya kalekale, ndipo bala la kuphazi linali litalowa m'magazi. Akanaliona munthu msanga, anatero, n'kusiyira pomwepo.

M'mawa mwake tinapita kwa okonza maliro. Bambo wina wa suti yotuwa anatikhazika pansi, anatipatsa madzi, n'kuyamba kulemba chikalata cha imfa.

"Malemu anali pabanja?"

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri," anatero Mayi.

Munthu uja anayang'ana pepala la kuchipatala, anayang'ana Mayi, n'kutsokomola.

"Pepani, mayi. Apa akuti munasudzulana mu Seputembala."

"Zinali za mpira zimenezo. Tauni yonse ikudziwa."

"Inenso ndikudziwa, mayi, mwana wanga amaimba ng'oma pa masewera a ku Vance City. Koma ine ndilemba zimene khoti linalemba. Ndipo wosaina kuti titenge thupi sangakhale inu. Lamulo likuti mwana wamkulu."

Anandikankhira pepala ndi cholembera.

Mayi sanakuwe. Anangotsegula chikwama chawo, kuyang'anamo, n'kutsekanso. Ine ndinagwira cholembera chija ndi dzanja langa lamanja, ndipo apa, owerenga, ndisiye kubisala kuseri kwa Mayi Odom. Ndi dzanja lomwelo limene linajambula chithunzi chija.

Lamlungu lija sindinafike kuchipinda kwanga. Ndinaima m'kanjira ka m'nyumba, ndinatembenuka, n'kuwaona akuvina. Ndinatulutsa foni chifukwa zinali zokongola, ndikulumbira, poyamba chinali chifukwa chimenecho. Koma mawu a miyendo aja anali akadali m'khutu. Lolemba ndinakachitsukitsa ku tauni ina kuti asandidziwe. Lachiwiri m'mawa, ndisanapite kuntchito, ndinachilowetsa pansi pa chitseko cha a Tibbs. Ndinkadziwa kuti loko wa kumbuyo sagwira, paja ndinasewera kumeneko zaka zinayi.

Ndinkafuna chiyani? Ndinkafuna Chilo abwerere ku Pardee, azikathamanga pamaso pa azakhali ake monga ine. Ndinkafuna Bambo agwidwe bodza, aime pamaso panga n'kunena kuti, unkanena zoona, mwanawe. Sindinaganizepo kuti akafunsidwa pagulu adzasankha kukana mkazi wawo. Ine anandikaniza bodza laling'ono. Sindinkadziwa kuti chifukwa cha Chilo angameze lalikulu chonchija.

Ndinasaina. Dzina langa lili pamenepo, pamene panayenera kukhala la Mayi.

Chilo anasewera Lachisanu lomwelo, chifukwa Mayi anamuuza kuti akapanda kusewera ndiye kuti zonsezi zinali zachabe. Anagonja. Loweruka, tsiku limene Bambo akanagogoda pakhomo lakumaso ngati munthu, tinawaika m'manda.

7

Chinsinsichi ndinakhala nacho miyezi iwiri. Chilo anasaina ku koleji yaikulu ya ku Oklahoma, anajambulidwa mu nyuzipepala atavala kapu yawo, osamwetulira. Iye ankati tsiku lina adzawaswa mano a Tibbs. Ine ndinkangoti, zisiye.

Pa maliro Mayi Odom anabweretsa mbale ya nkhuku yophika mu uvuni. Mayi anakhuthulira nkhukuyo m'bini, mbale n'kuisiya pa filiji. Tsiku lina Loweruka m'mawa, mu Febuluwale, ndinawapeza atavala jasi, mbale ija ili m'manja.

"Mukupita kuti?"

"Kukamubwezera mbale yake. Ndipo lero andimva. Ndakhala chete mokwanira. Ndikamufunsa kuti anapindulanji, mwamuna wanga kufera m'galimoto ngati galu wopanda mwini."

"Mayi, khalani pansi."

"Choka pakhomo, Miro."

"Si iwo. Chithunzi chija sanachijambulire pa windo. Windolo likuoneka m'chithunzimo, kumbuyo kwanu. Wojambula anali m'nyumba muno."

Anandiyang'ana. Ndinaona akuwerenga m'mutu anthu amene analipo tsiku lija, ndipo kuwerengako sikunatenge nthawi.

Anaika mbale patebulo mosamala kwambiri, ngati ingaphulike. Anakhala pampando wa Bambo. Ndinawauza zonse, za miyendo, za envulopu, za loko wosagwira. Ndinkayembekeza khofi, ndinkalifuna. Silinabwere.

"Bambo ako ankadziwa?"

"Ndikuganiza choncho."

"Ndipo Loweruka lililonse ankalandira chakudya m'manja mwako."

"Eya."

"Sanandiuzepo. Pa foni ankangoti, Miro akuonda, uzimudyetsa." Anapukuta tebulo ndi chikhatho, pamene panalibe kanthu. "Ndinakubereka ine, ndiye sindingakutaye. Koma usandifunse lero ngati ndakukhululukira, chifukwa ndingakuyankhe."

"Sindifunsa."

"Chilo ukamuuza wekha, pamaso, osati pa foni. Akakumenya, usabweze."

"Chabwino."

Panja galimoto ya zinyalala inkadutsa. Kenako Mayi anafunsa, mawu ali pansi kwambiri:

"Ukadali nacho?"

"Chiyani?"

"Chithunzicho. Tsiku lija sindinachione bwino, manyazi anandigwira."

Ndinatulutsa foni ija. Ndinali nditayesa kuchifufuta kambirimbiri, chala n'kumakana. Mayi anavala magalasi, anaigwira foniyo ndi manja awiri, n'kuyang'ana kwa nthawi yaitali. Anakulitsa pamene panali nkhope ya Bambo. Anakulitsanso pa phazi.

"Sokosi limeneli ndinamuuza kuti alitaye," anatero.

Anandibwezera foni, anadzuka, n'kunyamulanso mbale ija.

"Ukachitsukitse chachikulu. Tilibe china cha chaka chathachi chimene tili awiri. Ine ndikukapepesa kwa Darlene."

8

Chilo ndinakamuuza. Sanandimenye. Anandiyang'ana ngati akuona munthu wachilendo atavala malaya a mkulu wake, n'kundiuza kuti nditseke chitseko potuluka. Mayi amamuimbira Lamlungu lililonse. Ndikalowa m'chipinda, amatsitsa mawu.

Owerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti makolo anga ananama, ndipo lamulo ndi lamulo. N'zoona. A komiti anagwira ntchito yawo, a Tibbs ananamizidwadi. Mwina panali mwana wina ku Vance City amene anakhala pa benchi chifukwa Chilo anamulanda malo, ndipo mayi ake nawonso analira. Ndikanakhala kuti ndinachitira mwana ameneyo, bwenzi ndikugona tulo. Koma ine za chilungamo ndinalibe nazo ntchito. Ndinkangofuna kuti bambo anga anene kamodzi kokha kuti nanenso ndinkathamanga. Ndikanatha kuwafunsa. Tinkakhala awiri kumbuyo kwa pikapu Loweruka lililonse, mphepo ikuwomba, popanda wina womva. Sindinatsegule pakamwa.

Amati choipa chitsata mwini. Changa chinandilambalala ine n'kukagwera anthu awiri amene ankangovina m'khitchini mwawo. Ngati muli ndi mawu amene akukuwawani pakhosi chifukwa cha kholo lanu, kawanenereni pamaso pake akadali ndi makutu. Musawaike mu envulopu.

Mayi amapitabe kumanda ndi mphete yawo pachala. Pamwala analembetsa kuti mwamuna wa Graciela, dzina lenileni la Mayi, ndipo wosema miyala sanafunse pepala lililonse. Koma chikalata cha boma ndimasunga ndine, poti ndine ndinasaina. Pamene pamafunsa za banja analembapo kuti wosudzulidwa. Pamwamba pake pali dzina la Bambo, Eusebio Zepeda, ndi tsiku.

4 Disembala 2018.